Amwadyanji a Chaka cha Njala

Masiku ano pa wailesi amawatchula kuti akafukufuku, anthu aja amayenda khomo ndi khomo kufunsa maganizo a anthu: ati mukuona bwanji za chipatala, ati feteleza akufika kapena ayi, ati mudzavotera ndani. Mdzukulu wanga wina wophunzira anandiuza kuti mawuwa anachokera ku kufukula, monga achitira munthu pofukula mbatata pamzere. Ndinati chabwino, zimenezo ndi za kusukulu. Koma kwathu ku Nkhulambe, mukafunse aliyense wa imvi, anthu amenewa ndi amwadyanji. Ana a lero amalitchula dzinali akuseka chifukwa sadziwa kumene linachokera. Ine ndikudziwa, ndipo sindiseka, pakuti linabadwira pakhomo pa amayi anga, ine nditakhala pansi pomwepo mwana ali pamiyendo.

Chinali chaka cha njala ya fote naini. Mvula inayamba bwinobwino, tinabzala, chimanga chinafika m'mawondo, kenaka kumwamba kunangoti mbee. Phiri la Mulanje, limene tinazolowera kuliona litafunda mitambo, linakhala lambulanda mwezi ndi mwezi. Chimanga chinapsa chili chiimire. Ife Alomwe timadalira chinangwa, ndiye poyamba tinkadzitonthoza kuti njala ndi ya anzathu a kuchigwa. Koma chinangwacho tinachikumba chisanakhwime, china anatithandiza kukumba ndi anthu osawadziwa, ndipo pofika nthawi yotentha tinali kuphika mango osapsa ndi kusinja zitsa za nthochi.

Ine ndinali mtsikana wa mwana mmodzi. Mwamuna wanga anali atapita ku Halale kukafuna ntchito, osamveka ngakhale chifuwa chake. Mwanayo anali wamkazi, atayamba kale kuyenda ndi kutchula timawu, kamwana kamakani kokonda kuthamangitsa nkhuku. Njala itakula anasiya kuthamanga, kenaka anasiya kuyenda. Tsitsi linafiira, mapazi anatupa, ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Sankaliranso kwambiri, ankangondiyang'ana ndikamadutsa. Ine za mudzi, za dziko, za mvula, zonse zinandichoka m'mutu. Ndinkangofuna kuti mwana ameneyu afike pa dzinja lina ali moyo.

Mwini mbumba wathu anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Musaganize kuti anali munthu wankhanza, ayi. Anali munthu wanthabwala, woluka mphasa, wokonda ana, ndipo mwana wangayo ankamutcha mkazi wawo. Koma anali ndi mantha amodzi amene sankatha. Iwo anabadwira kutsidya, ku dziko la Apwitikizi, ndipo anathawa kumeneko ali mnyamata, atatenga amayi anga ndi agogo. Zikhatho zawo sizinkatambasuka bwino. Ankati anamenyedwa m'manja ndi chithabwa chobowolabowola chifukwa chothawa ntchito yokakamiza. Ankaluka mphasa ndi zala zokhotazo, ndipo akamva kulira kwa galimoto, ngakhale patali, ankasiya kuluka n'kutchera khutu. Pafupifupi mudzi wonse unali wa anthu otere, obwera. Eni nthaka akapsa mtima ankatitukwana kuti ndife Anguru, tinabwera kudzatha chakudya cha eni ake.

Ndiye kunabwera mphekesera. Anaibweretsa munthu wina wogulitsa mchere wochokera ku Migowi. Anati boma latuma anthu kuyenda m'midzi kufunsa zimene anthu akudya ndi zimene akuganiza za njalayi. Mpaka pamenepo inali nkhani chabe. Koma wina anawonjezera, sindikudziwa kuti ndani, kuti obwera amene apezeke opanda chakudya adzawakweza m'galimoto n'kukawatula kutsidya, pakuti boma silingadyetse alendo pamene eni dziko akufa. Mawu amenewa anayenda ngati moto wa m'tchire. Pofika madzulo panalibe amene ankafunsanso ngati ndi zoona.

Amalume anaitana akuluakulu anzawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo anagwirizana chimodzi: mlendo akabwera asaone njala. Pajatu ngakhale popanda mphekesera, kwathu si mwambo kuuza mlendo kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Mlendo amalandiridwa, amadya, amapita, manyazi a pakhomo n'kutsala pakhomo. Tsono mwambo utakumana ndi mantha, anthu anagwira ntchito imene sindinaionepo chiyambire.

Anasonkhanitsa makaka onse otsala m'mudzi, chinangwa chouma chija, nyumba ino tiwiri, nyumba iyo titatu, mpaka anadzaza dengu limodzi. Anakonza zoti mlendo akakhala pakhomo loyamba, makakawo akhale atayanikidwa pamphasa poonekera. Akamatsanzika, amayi awiri awole msangamsanga, adzere kuseri kwa nyumba, akayanike pakhomo lotsatira iye asanafike. Atsikana anauzidwa kuti aziika gaga m'mitondo n'kumasinja mwamphamvu kuti mudzi umveke ngati uli ndi chosinja. Ana amene anali ndi thupi pang'ono anawadzoza mafuta a nsatsi kuti aziwala. Owonda kwambiri ndi otupa anati akabisidwe kumunda, m'nandolo zouma. Amayi anga anatsitsa ngala za mapira zimene tinapachika kudenga kuti zikhale mbewu, ndipo amalume anagwira thadzi lathu lotsiriza.

Ine ndinakana kukabisa mwana wanga. Dzuwa linali loswa mtengo, ndipo mwanayo ukamuika pansi ankangogwera kumbali. Ndinawauza amayi kuti ngati akufuna kumubisa andibise ndi ine ndemwe m'manda. Amayi anandinena kuti ndine wamwano ngati bambo anga, koma anatopa nane. Amalume anati chabwino, akhale, koma umufundike nsalu mpaka kumapazi, ndipo pakamwa pako pakhale potseka. Apo ndiye panalibe chachilendo. Mwini mbumba akakhala pamphasa ndi mlendo wamwamuna, mtsikana sayankha.

Mlendoyo anafika dzuwa litakwera, akukankha njinga chifukwa cha mchenga. Ndinkayembekeza chimunthu choopsa, koma anali bambo wamng'ono thupi, wovala kabudula wa khaki, fumbi mpaka m'nsidze, wooneka ngati mphunzitsi. Anapereka moni mwaulemu, anamwa madzi, anakhala pampando umene amalume anamupatsa. Khomo lathu linali loyamba. Makaka anali mbuu pamphasa, mitondo ikulira kumbuyoku ngati kuli ukwati.

Funso lake loyamba linali lomwe lija: "Bambo, pakhomo pano mwadyanji dzulo?" Analifunsa motero pakhomo lililonse, ndi mawu omwewo, mpaka ana anayamba kumutsanzira iye atangokhota. Dzina lija linachokera pamenepo. Aliyense amene anabwera pambuyo pake ndi mafunso, kaya a za thonje, kaya a za mizere ya m'munda, kaya a za chitaganya, anali amwadyanji basi.

Amalume anayankha ngati munthu wokhuta. Anati tadya chinangwa ndi nandolo, dzana tinadya nyemba za kalongonda, ndipo anaseka kuti mimba yawo ikuwavuta ndi kudya kwambiri. Mlendoyo anafunsa zambiri. Anafunsa ngati m'maganizo mwawo njala yafika kuno. Anafunsa ngati akuona kuti ndi bwino boma libweretse chimanga kudera lino, kapena liyambe kwina. Amalume anati kuno ndi kuphiri, chinyontho sichitha, ife sitivutitsa boma, chimangacho apatseni anzathu a kuchigwa. Ndinamva mawu amenewo ndi makutu angawa. Amayi anabweretsa chakudya cha mapira athu a mbewu aja ndi nkhuku ija. Fungo lake litafika pamene ndinakhala, mwana anayamba kudzipotokola m'nsalu n'kutulutsa phazi.

Mlendoyo analiona phazilo. Anasiya kudya, anayang'ana phazi, anayang'ana ine. Kenaka analankhula ndi ine mwachindunji, chinthu chimene mlendo sachita.

"Mayi, mwanayu wadyanji dzulo?"

Amayi ananditsina pantchafu. Koma ine sindinawamvere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavundukula nsalu yonse kuti aone miyendo, mimba, tsitsi.

"Madzi a mango, bambo. Dzana madzi a mango. Kuno kuli njala."

Mitondo inkalirabe kumbuyo. Ndinayang'ana amalume. Ndinaganiza kuti andikalipira, kapena andithamangitsa, ndipo zimenezo ndikanazipirira. Koma iwo anatsitsa mawu, anaweramira kwa mlendoyo ngati amuna akamauzana zapakhomo.

"Pepani bwana, musamumvere. Si njala imeneyi, ndi tsempho. Mwamuna wake ali ku Halale, ndiye mukudziwa atsikana a masiku ano. Tikuyesa kukonza pachibale."

Kalanga ine! Aliyense amadziwa kuti mwana amatupa ndi tsempho ngati make wayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzamugwira. Amalume anga, amene anandilera, amene ankadziwa kuti sindinkatuluka pakhomo koma kukatunga madzi, ananditcha wachigololo pamaso pa mlendo kuti abise njala. Ndinayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi.

Ndipo zinagwira ntchito, pakuti mlendoyo anali munthu woleredwa bwino. Nkhani ya tsempho ndi ya m'banja, wakunja salowererapo. Anachita manyazi ngati walowa m'bafa muli munthu. Anachotsa maso ake pa mwana, anapepesa kwa amalume, anasamba m'manja n'kunyamuka. Asanafike pakhomo lachiwiri, dengu lija linali litadutsa kale kuseri. Tsiku limenelo mlendoyo anaona makaka omwewo pakhomo lililonse, ndipo anachoka akuyamika kuti mudzi uno ndi wa anthu olimbika. Anthu anamuperekeza mpaka kumsewu. Madzulo ake makakawo anagawidwanso kwa eni ake, ena n'kukangana kuti awo anali aakulu. Mwana wanga anapatsidwa msuzi wa nkhuku umene unatsala m'mbale ya mlendo.

Galimoto sinabwere kudzatitenga, ndipo anthu anati nzeru za amalume zatipulumutsa. Kwa kanthawi iwo anali munthu wamkulu m'mudzi. Koma chakudya nachonso sichinabwere. Tinayamba kumva kuti midzi ina ikulandira chimanga, kuti kufupi ndi Migowi akuphikira phala ana ndi okalamba. Ife tinkangodikira kuti mwina mawa atiitana.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ichi. Tsiku la mlendo lija mudzi wonse unkadziwa kuti za tsempho ndi bodza, pakuti bodzalo tinaliphika tonse. Koma mwana atapitirira kutupa, amayi anzanga anayamba kunong'onezana kuchitsime. Ati utsi sufuka popanda moto, ati mwini mbumba sanganene zotero pachabe. Ana awo omwe anali otupa, koma awo inali njala, wanga yekha ndiye linali tsempho. Mayi wina amene ankandigawira gaga anasiya. Wina anandilangiza mokoma mtima kuti ndingotchula dzina la mwamunayo, apeze mankhwala, mwana achire. Ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano.

Amalume sanabwerenso pakhomo pathu masana. Ankatumiza tinthu, tsiku lina mbewa imodzi, tsiku lina kachinangwa kowawa, n'kuuza amayi kuti apatse mkazi wawo uja. Ndinkalandira chifukwa cha mwana, koma iwo sindinkawalankhula.

Mvula yatsopano itayamba, anthu akubzala, ife opanda ndi mbewu yomwe, mwana anayamba zilonda m'miyendo ndi kutsegula m'mimba. Ndinati sindidikiranso munthu. Ndinamubereka m'mamawa, osatsanzika kwa mwini mbumba, n'kuyamba ulendo wopita kufupi ndi Migowi kophika phala kuja, wodzera pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Ndinkayenda pang'ono n'kukhala, kuyenda pang'ono n'kukhala. M'njira ndinakumana ndi ena otero, osapatsana ndi moni womwe. Mwana anali wolemera ndi madzi okhaokha.

Kumaloko kunali anthu ngati nyerere, atakhala m'magulu, mudzi ndi mudzi. Panali migolo ya phala pamoto ndi matumba a chimanga m'kanyumba ka malata. Ankaitana midzi, anthu n'kumadzuka. Ndinakhala pambali kudikira dzina la mudzi wathu mpaka mithunzi inatembenuka. Nditafunsa kwa wina wogawa, anandiuza kuti mudzi umenewo suli m'gulu la ovutika, kumeneko kuli chinangwa chambiri, ndipo eni ake ananena okha kuti chimanga chipite kwina.

Ndili chiimire pomwepo, ndinamuona bambo wa njinga uja. Anali atawonda naye, akuthandiza kukhazika anthu pamzere. Anandizindikira ndisanalankhule. Anayang'ana kumsana kwanga, n'kugwira pakamwa. Ndinamuuza zonse, za dengu, za mitondo ya gaga, za ana obisidwa m'nandolo, za mapira a mbewu amene iye anadya. Sindinamunyengerere. Ndinamuuzanso chifukwa chake, kuti tinamva zoti opanda chakudya adzabwezedwa kutsidya. Anakhala pansi padothi lonyowa.

"Mayi, galimoto yake iti? Palibe amene ananenapo zobweza munthu. Anatituma kuti tidziwe koyambira kupereka chakudya. Ine ndinakanena zimene ndinaona."

Anati akanena kwa akuluakulu kuti mudzi wathu auganizirenso, ndipo ndikhulupirira kuti anakanenadi, pakuti chimanga chinadzafika kwathu pambuyo pake, chimanga cha m'munda chitayamba kale kumasula. Koma tsiku limenelo chimene akanatha chinali chimodzi. Anatenga chikho, anakatunga phala mumgolo osapempha kwa munthu, anabwera nalo akuliuzira. Ndinamutsitsa mwana, ndinamukhazika pamiyendo, ndinamuika phala pamilomo ndi chala. Anatembenuza mutu. Ndinayesanso, ndinamunyengerera, ndinamutchula maina onse amene ndinkamutchula akusewera. Phala linangotsika m'mbali mwa kamwa. Anthu amakonda kunena kuti zinthu zafika pa mwana wakana phala, akutanthauza mavuto a ndalama kapena a ndale. Ine mawu amenewo sindiwanena, ndipo wina akawanena pafupi nane ndimachokapo.

Mayi wina wachisilamu wa ku Migowi komweko, amene sindinamudziwe, anandigoneka pakhonde pake, ndipo kutacha anandipatsa kaufa m'kansalu. Ndinabereka mwana kubwerera kwathu. Ndili pampata paja ndinamva kuti kupuma kwake, kumene ndinkakumva pakhosi panga njira yonse, kwasiya. Sindinamutsitse. Ndinadziwa kuti ndikamutsitsa n'kuyamba kulira pamenepo sindidzukanso, ndipo adzaikidwa m'tchire ndi anthu osamudziwa. Ndinamanga nsalu kolimba n'kumayenda, ndikumuuza kuti tatsala pang'ono, waona mtsinje uja, waona mango aja. Anthu amene ndinakumana nawo ankaganiza kuti ndabereka mwana wogona.

Maliro a chaka chimenecho anali opanda anthu. Panalibe wolira mokweza, mphamvu zake kunalibe. Amayi awiri amene anasambitsa mwana ndinawamva akuuzana za kutupa kwa miyendo, wina n'kuti paja zinanenedwa. Achinyamata amene anayenera kukumba manda anali atapita kukasaka chakudya, ena anali chigonere. Amalume anatenga khasu okha. Zala zawo sizinkagwira mpini bwino, khasu linkapulumuka, iwo n'kumalitola. Wina atafuna kuwalandira anakana. Anakumba mpaka dzenje linafika m'chiuno, ndipo anatsika okha kukamulandira mwanayo.

Titakwirira, anthu anayamba kubwerera. Ine ndinatsala, iwonso anatsala. Aka kanali koyamba kukhala pafupi chichokere tsiku la mlendo lija. Anali atakalamba kwambiri m'miyezi yochepayo, khosi ngati la nkhuku. Analankhula osandiyang'ana.

"Mwanawe, zapweteka. Koma taona, tikadali kuno. Sanatibweze."

Ena amati ndikanangokhala chete, munthu wamkulu anali atasweka kale. Ine sindinabadwe choncho. Ndinawauza kuti ndinakumana naye mlendo uja, kuti galimoto kunalibe, kuti sikunakhaleko n'komwe, kuti munthuyo anabwera kudzafunsa kumene ayambire kugawa chimanga ndipo khomo lathu linali loyamba. Ndinawauza pang'onopang'ono kuti amve liwu lililonse.

Anapukusa mutu. Anapukusanso.

"Iwe sukuwadziwa anthu amenewa. Akanatibweza."

Ndinati amalume, kunalibe. Iwo anati akanatibweza. Anatola khasu lija ndi manja awo okhotawo n'kuyamba kusalaza dothi la pamanda, limene linali losalala kale.